Kukonza Malo Odyera Pamene Danga Lili Lochepa

Anthu ambiri akafuna kukonza malo odyera amayamba ndi tebulo. Amaliona m'sitolo, mtima n'kukopeka, n'kugula. Likafika kunyumba ndi pamene zimaoneka kuti tebulo lakwana koma eni ake sakukwana: mpando sukukokeka, chitseko chikumenya pakona, ndipo amene wakhala kukhoma akafuna kutuluka, ena onse ayambe aimirira. M'sitolo chinthu chilichonse chimaoneka chaching'ono chifukwa malo ndi otakasuka ndipo denga lili kutali. Tsono pamalo ochepa, choyamba kuyeza si tebulo ayi, koma mpata umene utsale anthu akakhala pamipando. Mpatawo ukadziwika, wokha umakuuzani tebulo loyenera, mipando yoyenera ndi pomwe nyale ilendewere.

Yambani ndi tepi yoyezera

Yezani m'litali ndi m'lifupi mwa malowo cha pansi, osati pamsinkhu wa chifuwa, chifukwa m'munsi mwa khoma mumakhala thabwa la m'mphepete kapena paipi zimene zimadya masentimita angapo. Mbali iliyonse yezani malo awiri kapena atatu. Makoma ambiri sakhala owongoka ndendende, ndipo nambala yodalirika ndi yaing'onoyo. Kenako jambulani malowo papepala n'kuikapo zonse zimene sizisunthika: chitseko ndi mbali imene chimatsegukira, zenera ndi kutalika kwake kuchokera pansi, masoketi, maswichi, ndi pomwe waya wa nyale watulukira kudenga. Chitseko cha masentimita 80 chimasesa malo ofika masentimita 80 kulowa m'chipinda, ndipo pamenepo sipaikidwa kanthu. Ngati malo odyerawo ali m'khitchini, chitani chimodzimodzi ndi chitseko cha firiji, cha uvuni ndi madirowa.

Pali manambala atatu oti muwasunge pamtima, onse oyezedwa kuchokera m'mphepete mwa tebulo kufika kukhoma kapena ku chinthu china chimene chili pafupi. Masentimita 75 ndiwo ochepetsetsa: munthu amakhala n'kudzuka mopanikizika pang'ono, koma kumbuyo kwake sikudutsika. Masentimita 90 amalola kukoka mpando bwinobwino, ndipo wina angadutse chammbali. Masentimita 110 mpaka 120 ndiyo njira yeniyeni, yoti wonyamula mbale adutse osapempha aliyense kuti asendere. Manambalawa sangochokera m'mutu. Munthu akakhala patebulo, chotsamira cha mpando wake chimakhala pafupifupi masentimita 50 kuchokera m'mphepete mwa tebulo, ndipo podzuka amaukankhira m'mbuyo masentimita ena 20 mpaka 30. Mbali zonse zinayi sizifuna mpata wofanana. Kumene anthu amadutsa popita kukhitchini siyani 110 kapena kuposerapo. Kumene kuli khoma lokha, 75 akwana.

Titenge chitsanzo cha malo a masentimita 240 m'lifupi ndi 270 m'litali. Mukachotsa 90 mbali iyi ndi 90 mbali inayo, pa 240 patsala 60. Tebulo la masentimita 60 m'lifupi silikwanira anthu okhala moyang'anizana. Apa ndi pamene ambiri amanyengerera manambala n'kunena kuti tidzazolowera, koma mpando wogunda kukhoma suzolowereka. Chofunika ndi kusintha kakhalidwe ka anthu pamalopo, ndipo tibwereranso ku chitsanzochi tikafika pa benchi.

Musanagule kapena kupangitsa chilichonse, lembani kukula kwa tebulolo pansi ndi tepi yomata, kapena yalani manyuzipepala mofanana nalo. Bweretsani mipando iliyonse imene muli nayo, ikhazikeni mozungulira, khalanipo, dzukani, tsegulani chitseko, dutsani mutanyamula thireyi. Zisiyeni choncho masiku awiri. Mukaona kuti mukungoponda manyuzipepalawo podutsa, dziwani kuti tebulo lenileni lizidzakugundani m'chiuno pamalo omwewo. Yezaninso makomo ndi masitepe amene tebulo lidzadutse polowa. La miyendo yomasulika silivuta, koma lomatiratu ndi guluu limatha kukanika pakhomo.

Tebulo

Munthu mmodzi amafuna masentimita 60 m'mphepete mwa tebulo kuti zigongono zake zisamagundane ndi za mnzake, ndipo pa 70 ndi pamene amamasuka. Kutsogolo kwake, mbale, kapu ndi ziwiya zina zimatenga masentimita 35 mpaka 40. N'chifukwa chake tebulo la anthu oyang'anizana lisachepere 75 m'lifupi. Pa 75 mbale za aliyense zimakwana koma pakati sipatsala malo ambiri. Pa 85 kapena 90 mbale zazikulu zimakhala pakati bwinobwino. Likachepera 70, mawondo amayamba kugundana pansi.

Werengerani anthu amene amadyera pamenepo tsiku ndi tsiku, osati alendo obwera kamodzi pachaka. Tebulo lofanana mbali zonse la 75 limakwana anthu awiri, la 90 limafika pa anayi. Lalitali la 120 ndi 75 ndi la anthu anayi, ndipo la 160 ndi 80 limalandira anthu 6 mukakhazika mmodzi kumutu kulikonse. Lozungulira la masentimita 80 ndi la awiri, la 100 ndi la anayi, la 120 anayi amakhala momasuka ndipo wachisanu amalowa. Lozungulira limathandiza kwambiri pamalo ofanana mbali zonse kapena pamene njira ikudutsa mopingasa, chifukwa lilibe makona ogunda anthu, ndipo kuwonjezera mpando umodzi sikuvuta. Vuto lake n'lakuti siligwirizana ndi khoma kapena benchi lowongoka: mukalikankhira kukhoma mumataya malo a munthu mmodzi. Pamalo aatali koma opapatiza sankhani lalitali, ndipo ngati mukupangitsa, uzani kalipentala azungulize makona. Kuzunguliza kwa masentimita 5 okha kumapulumutsa chiuno cha wodutsa ndi chipumi cha mwana.

Chimene chimaiwalika kawirikawiri ndi miyendo. Mipando silowa pakati pa nsonga za tebulo, imalowa pakati pa miyendo. Tebulo la 120 limene miyendo yake yalowa mkati masentimita 10 mbali iliyonse, ndipo mwendo uliwonse ndi wonenepa masentimita 6, limatsala ndi mpata wa 88. Mipando iwiri ya masentimita 45 imafuna 90, choncho silowa, ndipo idzakhala ikutundumukira m'njira tsiku lonse. Yezani pakati pa miyendo, ndipo pamalo ochepa miyendo ikhale kumakona kwenikweni, apo ayi tebulo likhale la mwendo umodzi wapakati. La mwendo umodzi limamasula mawondo mbali zonse, koma liyeseni musanagule: tsindirani ndi dzanja m'mphepete ngati mmene munthu amachitira podzuka. Likapendekeka, tsinde lake n'lopepuka kapena laling'ono. Tsinde labwino silichepera theka la kukula kwa pamwamba pake, ndipo limalemera.

Kutalika kwa tebulo lodyera kumakhala masentimita 73 mpaka 76 kuchokera pansi. Suzumiraninso kunsi. Matebulo ambiri ali ndi matabwa olumikiza miyendo pansi pa thabwa lalikulu, ndipo akakhala aakulu amapana ntchafu. Pakati pa pokhalira pa mpando ndi matabwa amenewa pazikhala masentimita osachepera 18.

Matebulo opindika amathandizadi, koma si onse. La mapiko ogwera m'mbali limatha kuima kukhoma lili lopyapyala n'kutambasuka nthawi ya chakudya. Yang'anani chimene chimachirikiza phikolo: mwendo wotseguka wofika pansi ndi wolimba kuposa kathabwa kotuluka kunsi, kamene pakapita nthawi kamalola phiko kuwerama. La thabwa lowonjezera pakati ndi labwino thabwalo likamasungidwa mkati mwa tebulo momwemo. Losungidwa padera limapindika mukaliimika kukhoma, ndipo mtundu wake umasiyana ndi wa tebulo chifukwa silionana ndi dzuwa. Ndipo dzifunseni moona mtima ngati mudzapinde ndi kutambasula katatu patsiku. Ngati ayi, yezani malo ngati kuti tebulo lidzakhala lotambasuka nthawi zonse.

Tebulo lomangirira kukhoma limakwana munthu mmodzi kapena awiri, ndipo limalimba malinga ndi mamangidwe ake. Munthu akatsamira m'mphepete, mphamvu yonse imakoka zomangira za pamwamba kuti zizuke. Lopanda mwendo lisapitirire masentimita 50 mpaka 60 kuchokera kukhoma. Pakhoma la njerwa boolani panjerwa penipeni, osati pamzere wa matope kapena simenti, ndipo ikani m'mabowomo mapulagi ogwira ma screw, a mamilimita 8, ndi ma screw a mamilimita 60 mpaka 70. Pakhoma la mabodi opyapyala, zomangira zilowe m'mitengo kapena zitsulo za mkati, chifukwa bodi lokha silinyamula. Gwiritsani levulo, ndipo musaboole molunjika pamwamba, pansi kapena m'mbali mwa soketi ndi swichi, pakuti mawaya amadutsa mmenemo.

Matebulo okwera m'mwamba, a masentimita 90 kuchokera pansi ndi mipando ya 60 mpaka 65, amaoneka ngati sadya malo. Kunena zoona amadya malo ofanana ndi ena, ndipo ana aang'ono, achikulire ndi aliyense wovutika miyendo sakhalapo bwino. Ndi oyenera pamene tebulo lomwelo likugwiranso ntchito yokonzerapo chakudya.

Pa zopangira, chilichonse chili ndi pofooka pake. Thabwa lenileni limakhalitsa ndipo limapalidwanso likakalamba, koma limafufuma likamwa chinyezi n'kunyala likauma, ndipo limatero m'lifupi. Lopangidwa ndi matabwa osauma bwino limang'aluka kapena kupindika m'miyezi yoyamba. Kalipentala wodziwa amamangirira thabwa la pamwamba m'mabowo otalikirapo kuti lizitha kusuntha pang'ono, ndipo amapaka vanishi pamwamba ndi kunsi komwe. Kupaka mbali imodzi kumachititsa kuti thabwa lipindike. Vanishi wa polyurethane apakidwe katatu, mukupala pang'ono ndi sandipepala wosalala wa nambala 240 mpaka 320 akauma musanapakenso. Wosanyezimira amabisa zokandika kuposa wonyezimira. Matebulo a chipboard kapena MDF (mabodi a tizidutswa ta mitengo topanikizidwa ndi guluu) okutidwa pamwamba sachedwa kupukuta, koma madzi akalowa m'mphepete amatupa ndipo sabwereranso. Galasi limapepukitsa malo m'maso chifukwa pansi pamaoneka. Likhale lolimbitsidwa, limene amalitcha tempered, la mamilimita 10 mpaka 12, ndipo dziwani kuti limaonetsa chala chilichonse komanso limalira mukaikapo mbale. Mwala wa mabo ndi wokongola, koma madzi a mandimu ndi viniga amaudya n'kusiya zipsera zotuwa.

Mipando

Pokhalira pa mpando pakhale masentimita 43 mpaka 46 kuchokera pansi, kuti pakati pake ndi pamwamba pa tebulo patsale 27 mpaka 30. Mpata ukaposa pamenepa munthu amadya mapewa ali m'mwamba, ukachepa amawerama. Mpando wa siponji yofewa uyezeni munthu atakhalapo, chifukwa umatsika masentimita awiri kapena atatu.

Pamalo ochepa mpando wabwino ndi wopanda zoikapo manja, wa masentimita 42 mpaka 48 m'lifupi, wolowa wonse kunsi kwa tebulo mpaka chotsamira chikhudze m'mphepete. Wa zoikapo manja umafika 55 kapena 60, ndipo zikakhala zazitali zimakanika kulowa kunsi. Onaninso miyendo ya kumbuyo. Mipando ina ili ndi miyendo yotambalala imene imatulukira kunja kuposa chotsamira, ndipo ndiyo imapunthwitsa odutsa. Choncho yezani mpando pansi pomwe miyendo yaponda. Chotsamira chachifupi kapena cha mipata chimalola maso kudutsa, pamene zotsamira zazitali zotsekeka zimazinga tebulo ngati mpanda n'kuchepetsa chipinda. Unyamuleni ndi dzanja limodzi. Mpando wolemera anthu amaukoka, ndipo ndi umene umakanda pansi ndi kumasuka m'malumikizidwe.

Ya alendo ikhale yopindika kapena yosanjikizana. Iwiri yopindika imatha kupachikidwa pazokolowekera kuseri kwa chitseko, ndipo timipando topanda chotsamira timabisala kunsi kwa tebulo.

Benchi la kukhoma

Palibe chinthu chimene chimapulumutsa malo ngati benchi lokhazikika kukhoma, chifukwa silikokedwa. Tibwerere ku malo aja a 240. Benchi pamodzi ndi chotsamira chake litenge masentimita 55, tebulo 75, ndipo tebulolo lilowe pamwamba pa benchi masentimita 10. Zonse pamodzi ndi 120. Patsala 120 mbali inayo, okwanira mipando iwiri ndi njira yodutsa. Malo amene amaoneka osatheka aja tsopano akukhala anthu anayi.

Koma benchi lolakwika miyeso limatopetsa kuposa mpando uliwonse, ndipo likamangidwa silisinthika, choncho apa m'pofunika kudekha. Pokhalira pamalize pa masentimita 45 kuchokera pansi khushoni itaphwanyika ndi kulemera kwa munthu. Ndiye kuti bokosi lake likhale 39 kapena 40, n'kuikapo siponji yolimba ya masentimita 7 mpaka 8. Ambiri amalakwa pomanga bokosi la 45 kenako n'kuwonjezera khushoni, ndipo ntchafu zimapanikizika kunsi kwa tebulo. Kuchokera kutsogolo kufika pachotsamira pakhale 42 mpaka 45. Pakaposa 50, mapazi a anthu aafupi amalendewera kapena msana umasowa potsamira. Chotsamira chisaime chilili. Chikhale chopendekera m'mbuyo pang'ono, pafupifupi masentimita 8 pa kutalika kwa 45. Ngati mukungotsamira khoma, ikani makhushoni onenepa, apo ayi munthu satha theka la ola asanayambe kutembenukatembenuka.

Kutsogolo kwa bokosi, cha pansi, lowetsani mkati masentimita 7 mpaka 10. Munthu podzuka amabweza zidendene m'mbuyo, ndipo bokosi likatsika lowongoka mpaka pansi, kudzuka kumavuta ndipo nsapato zimakanda penti. Pulayiwudi wa mamilimita 18 pa mafelemu a matabwa a mamilimita 50 ndi 50, zochirikiza zitatalikirana masentimita 60, amanyamula akuluakulu popanda kuwerama. Tebulo loyenda ndi benchi likhale la mwendo wapakati kapena la miyendo yolowa mkati kwambiri, chifukwa munthu amalowa chammbali ndipo mwendo wa pakona umatchinga mawondo. Apa lamulo lija la miyendo ya kumakona limatembenuka.

Werengerani masentimita 60 pa munthu, ndipo benchi lisapitirire anthu atatu; wapakati amakhala wotsekeredwa mpaka wina adzuke. Pa benchi la pakona, lotsata makoma awiri, pakona penipeni si pokhala munthu, pakuti mawondo a mbali ziwirizo amakumana pamenepo. Mkati mwa bokosi mungasungemo zinthu, koma ganizirani mmene muzidzazitulutsira. Chivindikiro cha pamwamba chimafuna kuchotsa khushoni ndi kukankha tebulo, choncho ndi cha zinthu zosafunika kawirikawiri. Dirowa yotulukira kumapeto kwa benchi ndiyo imatseguka tebulo lili pomwepo. Chivindikiro chikhale ndi chogwirira choletsa kugwa mwamphamvu, makamaka pomwe pali ana. Boolani timabowo tolowa mpweya, ndipo ngati khoma limachita chinyezi siyani mpata wa masentimita awiri kumbuyo, kupanda kutero nsalu zosungidwamo zimachita nkhungu.

Nyale

Nyale yolendewera ndiyo imasonyeza kuti pano ndi podyera, ngakhale malowo ali mbali chabe ya balaza kapena khitchini. M'munsi mwake mukhale masentimita 75 mpaka 90 kuchokera pamwamba pa tebulo. Ikatsika kuposa apo imatchinga nkhope za anthu, ikakwera kwambiri babu limathobwa m'maso ndipo kuwala kumamwazika. Kukula kwake kukhale theka kapena magawo awiri mwa atatu a m'lifupi mwa tebulo, kuti wodzuka asagunde mutu. Ilendewere pakati pa tebulo, osati pakati pa chipinda. Waya ukakhala kuti unatulukira pena, musakankhire tebulo pamenepo n'kuwononga mipata yonse imene munayeza. Khomani chokolowekera kudenga pamwamba pa tebulo n'kudutsitsa chingwe cha nyale. Kulumikiza mawaya kusiyireni katswiri wa zamagetsi. Ngati tebulo ndi lopindika kapena limasunthidwa, nyale ya kukhoma ya mkono wopindika ndiyo yabwino, chifukwa yolendewera idzatsala yokha pamsinkhu wa mphumi.

Pabokosi la babu pamalembedwa nambala yothera ndi K, yosonyeza mtundu wa kuwala. Sankhani 2700 mpaka 3000 K, kuwala kofunda kokhala ngati kwachikasu. Mababu a 6000 K kapena kuposa amawala moyera mopendekera ku buluu ngati m'chipatala, ndipo chakudya ndi nkhope zimaoneka zotuwa. Mphamvu ya kuwala imalembedwa m'ma lumen: babu la LED la ma lumen 800 limafanana ndi lakale la mawati 60, ndipo limodzi limakwana tebulo laling'ono chipinda chikakhala ndi nyale ina. Pakalembedwanso CRI, tengani la 90 kapena kuposa, mitundu imaoneka mmene ilili. Tebulo likamagwiranso ntchito yolembera ndi kuwerengera, swichi yochepetsa kuwala imathandiza, koma babu likhale lolembedwa kuti limalola zimenezo. Lina limaphethiraphethira kapena kulira.

Posungira ziwiya

Kabati ya m'malo odyera isapitirire masentimita 30 mpaka 35 kuchokera kukhoma. Mbale yaikulu yodyera imakhala ya masentimita 26 mpaka 28, ndiye imalowa bwino. Zitseko zake zikhale zoseseleka, chifukwa zotseguka panja zimamenya mipando. Kumbukirani kuti mipata ija imayezedwa kuchokera kutsogolo kwa kabati, osati kukhoma. Malo akakana, kwezani zinthu m'mwamba ndi mashelefu a masentimita 20 mpaka 25, koma osati pamwamba pa mutu wa wokhala pabenchi, pakuti podzuka adzadzigunda. Kabati iliyonse yaitali ndi yopyapyala imangiriridwe kukhoma kuti isagwere mwana wokwera pamadirowa.

Maonekedwe

Malo aang'ono amakongola ndi zinthu zochepa zogwirizana. Sankhani mtundu umodzi wa thabwa, mtundu umodzi wa chitsulo, ndi utoto umodzi wowala woti ubwerezedwe kawiri kapena katatu, monga pamakhushoni ndi pachithunzi. Chinthu chimodzi chokha ndicho chikope maso: nyale, kapena khoma lopakidwa mosiyana, kapena mipando. Zikakhala zitatu zolimbirana, malowo amaoneka odzadza ngakhale muli zochepa. Mipando yosiyana maonekedwe imatha kukhalira limodzi bwino, bola pokhalira pake pakhale pofanana kutalika ndipo ifanane pa chinthu chimodzi, kaya utoto kaya thabwa.

Maso amayeza chipinda poona pansi. Katundu wa miyendo yoonekera, kabati yopachika kukhoma ndi tebulo la miyendo yopyapyala zimasiya pansi poonekera, ndipo malo amaoneka otakasuka. Utoto wowala umabweza kuwala, koma si lamulo kuti malo aang'ono akhale oyera. Kakona kopanda zenera sikawala ngakhale mukapake choyera, kamangotuwa. Kupaka utoto wozama n'kuikapo nyale yofunda kumapatsa kakonako maonekedwe akeake. Penti wake akhale wotsukika, ndipo pomwe zotsamira zimagunda khoma khomanipo kathabwa kopingasa pamsinkhu womwewo.

Kalilole wamkulu amachulukitsa kuwala akayang'anizana ndi zenera kapena akakhala chammbali mwake. Musanakhome, wina amugwire pakhoma inu mutakhala pampando, muone chimene akuonetsa. Akamaonetsa sinki ya ziwiya zakuda, ndiye kuti mwaziwirikiza. Anthu ambiri sakondanso kudziona akutafuna, choncho m'munsi mwake mukhale pamwamba pa mitu ya okhala pansi. Zithunzi zitsike pang'ono kusiyana ndi m'zipinda zina popeza zimaonedwa munthu atakhala, ndipo chimodzi chachikulu chimakhazika malo kuposa tating'ono tambirimbiri. Chokongoletsa cha pakati pa tebulo chisapitirire masentimita 30 kutalika, ndipo chikhale chonyamulika ndi dzanja limodzi.

Za kapeti tinene mosabisa: pamalo ambiri aang'ono ndi bwino kungoisiya. Kuti igwire ntchito iyenera kupitirira tebulo masentimita 60 mbali zonse, mpando ukakokedwa miyendo yonse inayi ikhalebe pamwamba pake. Tebulo la 120 ndi 75 limafuna kapeti ya 240 ndi 195. Ikachepa, miyendo ya kumbuyo imakodwa m'mphepete nthawi iliyonse munthu akamasendera, m'mphepetemo mumapindika n'kuyamba kupunthwitsa anthu. Ngati malo alipo, ikhale yoluka mophwathalala, yopanda ubweya wautali, yochapika, ndipo kunsi kwake muyale choletsa kutsetsereka.

Zikayamba kugwedera

Tebulo likamagwedera musathamangire kudula miyendo. Lisunthireni pamalo ena kaye. Ngati mwendo womwewo ndi umene ukulendewerabe, vuto ndi mwendo. Ngati wasintha, vuto ndi pansi, ndipo nthawi zina kulitembenuza pang'ono kumakwanira. Mankhwala okhalitsa ndi timapazi topota tolowetsa kunsi kwa miyendo, timene mumatalikitsa kapena kufupikitsa ndi dzanja. Kunsi kwa miyendo ya mipando matani tizidutswa ta nsalu yokhuthala pamatailosi ndi pamatabwa, ndipo tisintheni tikadzaza mchenga, chifukwa pamenepo timayamba kukanda ngati sandipepala.

Mabawuti a tebulo ndi mipando yatsopano amamasuka m'milungu yoyamba pamene matabwa akukhazikika. Amangeninso pakatha mwezi, kenako kawiri pachaka, mofanana mbali zonse ndipo mosapyola muyeso. Mpando wa thabwa umamasuka msanga anthu akamauyendetsa pamiyendo iwiri ya kumbuyo. Ukayamba kulira, musaukhome msomali, umang'amba thabwa. Zulani polumikizira pomasukapo, palani guluu wakale yense mpaka thabwa lioneke, chifukwa watsopano sagwira pa wakale, pakani guluu wa matabwa mbali zonse ziwiri, panani ndi chopanira kapena chingwe chokunga, ndipo mpandowo uime pamalo osalala maola 24 munthu asanakhalepo.